Nyimbo ya a Tembo aiweruza kuti ndi yachibwenzi

Loweruka lapitali ndinatuluka m'tchalitchi ku Springfield kuno ku America mtima ukuwira, ndipo mpaka lero sunazizire.

Tinali pa mapemphero otsanzikana ndi malemu Bambo Tembo, a ku Chipata, amene ankayambitsa nyimbo m'kwaya yathu. Thupi lawo linali kudikira ndege yopita kumudzi. Akazi awo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti tiyimbe nyimbo imene amuna awo ankaikonda koposa. Mukuidziwa nonse, ija yoyenda pang'onopang'ono imene tinaiphunzira tili ana, ku Malawi ndi ku Zambia komwe.

Akuluakulu a mpingo anakana.

Imvani chifukwa chake. Mmodzi wa iwo, Bambo Gondwe, amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Alexandria. Mwezi watha agogo achizungu kumeneko ankaonera filimu yakalekale, ija yopanda mitundu. A Gondwe akukankha njinga ya wodwala anangomva chuni cha nyimbo yathu chikulira. Kutembenuka, pakanema mwamuna ndi mkazi akupsompsonana. A Gondwe thukuta kamukamu.

Lamulungu lotsatira anaimirira kutsogolo. "Abale, tinanamizidwa. Nyimbo ija ndi ya m'filimu, ya chibwenzi. Paguwa pano isadzamvekenso."

Ine ndinakafufuza, ndipo sananame. Chunicho anachipeka kuno ku America kuti chitsegulire filimu ya chikondi, makolo athu akadali makanda. Chimbale chake chinagulidwa mwakathithi, chinakhala pamwamba pa nyimbo zonse kwa masabata angapo, anthu n'kumavina atakumbatirana. Mmene chinafikira kwathu palibe analemba. Mwina pa wayilesi, mwina ku bayisikopo, mwina m'galamafoni ya munthu wochokera kumigodi. Koma penapake panali mphunzitsi wa kwaya wopanda limba, wopanda buku la manotsi, wongokhala ndi makutu ake. Anachimva, anachikonda, anachotsamo zibwenzizo n'kuikamo Yesu.

Ndiye munthu ameneyo anachimwa? Ine ndikuti anali katswiri.

Eni ake a nyimboyo anaitaya kalekale. Funsani mwana aliyense pa sitima ya ku Silver Spring, angokuyang'anani. Yangotsala m'nyumba za okalamba. Amene tinaisunga ndife. Taikira nayo maliro a amayi athu, taiyimba pa mgonero, ena anatembenuka mtima ikuyimbidwa. Zonsezo zafufutika chifukwa a Gondwe aona anthu awiri akupsompsonana?

Komatu tili ndi kamkhalidwe konyansa ife. Tikangotulukira kumene chinthu chinachokera, timasanduka apolisi. Ndipo upolisi wathuwo umasankha. Holo imene timapemphereramo Lamulungu, Lachisanu anthu amachitiramo madansi, Lamulungu m'mawa timayamba tatola zitsekerero za mabotolo. Kiyibodi yathu imagunda ndendende ngati ya kumowa. Zimenezo a Gondwe sanazione. Diso lawo lakuthwalo linakagwera pa pempho la mayi wamasiye.

Chikundipweteka kwambiri ndi nthawi yake. Ngati lamulolo ndi lofunikadi, silikanadikira sabata imodzi? Bokosi likanakwera ndege, kenako n'kumakangana za mafilimu mpaka kukhuta. Koma ayi, anafuna aliyesere pa munthu amene maso atupa ndi kulira.

Ine ndi amayi anzanga a kwaya tinapita kukadandaula mapemphero asanayambe. A Gondwe anakonza tayi yawo. "Amayi, tinagwirizana kale. Sankhani ina, nyimbo zilipo zambiri m'buku."

Zilipodi zambiri. Inayimbidwa ina, yabwinobwino, yoyera mbiri. Mayi Tembo sanayimbe nawo, anangoyang'ana bokosi mpaka nyimbo kutha.

Titatuluka anandipeza poimika magalimoto. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinali wokonzeka kuwathandiza kukalipako. Koma anandigwira dzanja n'kulankhula motsitsa.

"Amake Chisomo, niuzeniko zoona, imwe muziba vinthu. Manje zaka zonse izi amuna anga anali kuimbila ndani? Mulungu anali kumvela, olo anali kutaya chabe mau?"

Mayiyo sankanyoza. Ankafunsadi, ndi mantha. Wakwera ndege kukaika mwamuna wake m'manda asakudziwa ngati mapemphero a mwamunayo ankafika.

A Gondwe, ine ndinamuyankha mmene ndinathera, koma mawu anga ndi a mayi wa kwaya chabe. Amene munamulowetsa manthawo ndinu. Muwachotsa liti?