Chifuwa cha Yohane

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikana wosakhazikika, pakamwa posatseka. Chilichonse cholira ndinkachiyerekeza: chigayo kuti thu thu thu, minibasi ya ku Golomoti kuti pipiii, njinga yakale ya atate kuti kweche kweche. Kusukulu aphunzitsi anandikwapula m'manja kangapo. "Munthu wophunzira amalankhula mawu enieni," ankatero. Ndinayamba kuchita manyazi ndi pakamwa panga.

Chaka chimenecho mlongo wanga Yohane, wazaka ziwiri, anadwala chifuwa. Atate anali kunyanja kokagula usipa, ndipo amayi anali ndi pakati potopa, miyendo itatupa. M'mawa wina Yohane anatsokomola mpaka kusanza, milomo n'kuda bii.

"Thamanga ku Mtakataka," anatero amayi. "Ukawauze azaumoyo."

Ndinadutsa m'minda ya chimanga, matope akuthothoka kuzidendene, mtima uli thi thi thi. Ndinapeza mzere wa azimayi a sikelo pansi pa mtengo wa mango. Sindinathe kudikira. Ndinkangoponda apa ndi apo mpaka mayi Chisale, mlangizi wa zaumoyo, anakweza maso.

"Iwe mwana, watani?"

Ndinagwada, n'kusankha mawu aulemu a kusukulu. "Mlongo wathu akudwala chifuwa chachikulu ndithu."

"Ana onsewa ali ndi chifuwa. Akutsokomola bwanji?"

"Kwambiri."

"Kwambiri si yankho. Tamuyerekeza ndimve."

Azimayi onse anali akundiyang'ana. Ndinatseka maso. "Kho kho kho kho kho, osapuma. Kenako zii. Kenako hiiiip!" Ndinakoka mpweya monga ankachitira Yohane, mpaka pakhosi panawawa.

Palibe anaseka. Mayi Chisale anasiya cholembera. "Chokoka mtima chimenecho. Kwera pakaliyala pa njinga yangayi."

Sikelo anaisiyira mnzawo, ndipo tsiku lomwelo Yohane anagonekedwa kuchipatala. Anakhalako sabata ziwiri. Lero ndi bambo wa ana atatu, amalima mpunga kudambo, ndipo za ulendowo amangomva kwa ine.

Ndakhala zaka zambiri ndikulembera anthu makalata ndi malipoti, ndipo ndaona kuti mawu aulemu amatha kuchedwetsa thandizo. Ndikanapitiriza kunena kuti "kwambiri", ndikanabwerera kunyumba ndi timapiritsi m'kapepala. Mayi Chisale anali asanamuone Yohane m'mawa umenewo. Anamumva pakhosi panga, ali makilomita angapo kutali, ndipo ananyamuka.