Machira a Filipo ku Chambe

Anzanga, Filipo ndinakumana naye koyamba pa Likhubula m'chaka cha 1988, ine nditasenza tenti pamutu.

Dzina langa ndi Dyna. Nthawi imeneyo ndinali mtsikana, ndikugwira ntchito ku nazale ya mitengo. Ankatitumiza kuphiri kukatola mbewu za mkungudza, ndipo tinkagona komweko, lero apa mawa apo. Tenti yathu atsikana inali ya nsalu ya lona yokhuthala. Ikanyowa inkalemera ngati thumba la simenti!

Iye anali watsopano pagulu lathu, mnyamata wa ku Milange wothawa nkhondo ya ku Mozambique. Katundu wake? Kamtolo pamsana basi.

"Achemwali, mwasenza nyumba ndi maziko omwe?" anandifunsa.

"Nanga inu mukagona pati, achimwene? Pamwala ngati mbira?"

"Ine sindigona pansi. Pansi n'kwa linthumbu."

Titafika ku Chambe anasankha mitengo iwiri. Anakulunga ziguduli pamitengoyo kuti chingwe chisadye khungwa, kenako n'kumangirira machira osoka yekha ndi masaka. Pamwamba anakoka pulasitiki ngati denga. Anyamata anaseka mpaka kugwira nthiti.

Ndiye kunagwa chiperoni...

M'mawa ife zofunda zonse zili zonyowa, madzi anadutsa pansi pa tenti, msana ukuwawa ndi miyala. Filipo ali gwaa, wouma, akuotcha chinangwa uku akuimba mluzu.

"Tayesani," anatero.

Ndinakwera ngati ndikukwera njinga. Machira anatembenuka, ine chagada, chitenje m'mwamba! Kumbukirani, masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala buluku. Anyamata anafa nazo nseko. Koma Filipo anayang'ana kumbali mpaka nditadzikonza.

Anzanga, mtima wanga unapita pomwepo. Serious.

"Khalani kaye pakati ngati pampando," anandiuza modekha. "Kenako gonani chopingasa pang'ono, msana uwongoke."

Ndinagona. Mitengo ikugwedezeka pamwamba, ine ndikuyandama ngati mwana kumsana kwa amake.

Ulendo wotsatira anali atandisokera anga. Anandiphunzitsa mfundo yosamasuka, komanso kumanga bulangete kunsi kwa machira chifukwa kuzizira kumalowera kumsana. Tenti ndinawasiyira anzanga. Ndinkakwera phiri ngati gwape, khosi osawawanso.

Pang'ono ndi pang'ono "achemwali" uja anasanduka "Dyna". Loweruka tinkapita ku Chinakanaka. Iye analibe khadi ya chipani yolowera mumsika, ndiye ankandidikira kunja kwa msika pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumubweretsera nanazi. Ankasenda bwinobwino, mbali yotsekemera n'kundipatsa ine.

Tsiku lina anandikhazika pansi.

"Dyna, ndisanakufunsire uyenera kudziwa. Ndinali ndi mkazi, Esteri. Asilikali anatentha mudzi wathu ine ndili kumunda. Amene anathawa anandiuza kuti anafera momwemo, ali ndi pakati."

"Umamukumbukabe?"

"Sindingakunamize. Eya."

Mwamuna wina akananena kuti ayi. Ine ndinamukondera yankho lomwelo.

Anakaonekera kwa amalume. Amalume anamukonda, mpaka anamulozera malo omanga nyumba pamudzi pathu. Iye anayamba kuumba njerwa, nchifukwa chake ulendo wina wa ku Chambe ndinapita popanda iye.

Masana ndikutola mbewu, ndinangoona munthu akukwera mothamanga, wopanda kamtolo, malaya ali thukuta lokhalokha.

"Filipo! Kwagwanji?"

Anagwada. Mwamuna wamkulu, kugwada pamiyala.

"Esteri ali moyo. Wafika kumsasa wa othawa nkhondo ku Muloza, ndi mwana. Munthu wakwathu anandipeza pamsika wa Chonde. Ndapita, ndamuona ndi maso anga."

Dengu linagwa m'manja mwanga.

"Sindinafune umve kwa anthu," anatero. "Ndabwera ndekha."

Anzanga, akanatha kubisa. Ena ankatero, mkazi kumsasa, mkazi kumudzi. Ine ndemwe, manyazi atandithera, ndinamugwira malaya.

"Ndikhala wachiwiri, Filipo. Ndavomera!"

"Ayi, Dyna. Lero wavomera chifukwa mtima ukuwawa, mawa udzandida. Ndipo uja wayenda m'tchire, mwana kumsana, akufunsa dzina langa mudzi ndi mudzi. Ndingamugawire theka?"

Analira kuposa ine.

Anapitanso yekha kwa amalume kukapepesa. Njerwa zija anamaliza kuotcha, n'kuwasiyira amayi.

Patapita mwezi ndinakwera basi ya ku Muloza. Ndinkafuna ndimuone mkazi ameneyu, ndimude, mwina mtima ungatsike. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa chisakasa, woonda ngati bango, kamnyamata ka makutu a Filipo katamugwira chitenje.

Sindinanene dzina. Anangondiyang'ana, n'kupukuta manja, n'kugwada.

"Ndinu a Dyna. Anandiuza zonse tsiku loyamba lomwe." Anaweramitsa mutu. "Achemwali, mundikhululukire kuti ndili moyo."

Anzanga... munthu wotere mungamuyankhe chiyani?

Ndinamudzutsa, ndinanyamula mwana uja pang'ono, ndinatsanzika Filipo asanabwere kuchokera kotunga madzi. Misozi ndinaisunga mpaka m'basi.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo onse atatu. Sindinamuonenso.

Atsikana mumandilembera kuti amuna onse ndi abodza. Ayi ndithu. Ine ndinakumana ndi mmodzi amene sanandinamize ngakhale kamodzi, ndipo ndi yemweyo amene anandiliza koposa onse. Koma mpaka lero, ndi imvi zangazi, ndikamva wina akumunena zoipa ndingamenyane naye.