Mkazi wanga sakalumbira bodza chifukwa cha mowa wanga

Inu amene munali pa msewu wa ku malire Lachiwiri la sabata yatha, lekani kunong'onezana. Galimoto imene inalowa m'mulu wa manachesi ija ndi yanga, ndipo woyendetsa ndinali ine. Nthawi inali isanakwane 11 koloko m'mawa. Mayi wogulitsa manachesiwo anadumphira m'ngalande n'kuthyoka mkono. Apolisi atandiuziritsa mpweya m'kachipangizo kawo kaja, sanavutikenso kundifunsa zambiri.

Nditatuluka pa belo ndinapeza kunyumba kuli msonkhano. Mukudziwa mmene timachitira kuno. Ukapalamula, pakamwa pako sipakhalanso pako, okuyankhulira ndi amalume. Anga anachokera kwa Kanduku pa njinga, nkhani ataikonzeratu m'njira. Akuti tikauze loya kuti ine mowa sindimwa, kungoti tsikulo ndinadutsira kumene ankamanga chiliza ndiye anandikakamiza chikho chimodzi cha masese. Mboni akhale mkazi wanga, Nachisale, poti ndi mtsogoleri wa amayi ku tchalitchi ndipo khoti silingamukayikire.

Ndinavomera. Ndikaniranji, nkhani yake yokoma chonchi?

Lolemba tinakwera minibasi atatu kupita ku Blantyre. Loya wake tinapeza kuti ndi mayi wachitsikana, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Amalume anayala nkhani yawo bwinobwino, ine ndikungogwedeza mutu ngati mlandu ndi wa munthu wina. Loyayo atamaliza kulemba anatembenukira kwa mkazi wanga.

"Mayi, mukalumbira m'khoti kuti amuna anuwa samwa?"

"Ndikalumbira."

"Mukudziwa kuti a boma akakupanikizani ndi mafunso, ndipo zikakadziwika kuti mwanama, inunso mukhala ndi mlandu wanu?"

"Ndamva," anatero Nachisale, maso ali pansi.

Sanachite chibwibwi, sanameze malovu. Ndipo chimene chinandiwawa n'chimenecho. Zaka khumi ndi ziwiri mayi ameneyu wakhala akundinamirira. Ku tchalitchi amati abambo ali ndi malungo, kwa ana amati abambo atopa. Koma ine ndinali ndisanamumvepo ndi makutu anga akunama, chifukwa nthawi zonse akamanama ine ndimakhala ndili thapsa kuchipinda. Tsiku limeneli ndinamumva, ndipo ndinachita manyazi mpaka thukuta.

"Mayi loya, fufutani zonsezo," ndinatero. "Kunalibe chiliza. Ndimamwa tsiku lililonse. Ndikadzuka manja amanjenjemera mpaka nditamwa kabotolo koyamba. Tsiku lija ndinali nditamwa tinayi."

Amalume anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. "Iwe, mutu ukuyenda bwino? Ukudzimangitsa wekhatu."

Loya anang'amba pepala lija n'kutenga lina. "Apa ndiye tayamba ntchito, bambo. Zimene mwandiuza sizituluka muno inu osalola. Koma bodza lija likanakaphulikira m'khoti ine ndisakudziwa kanthu, ndikanakuyimirirani bwanji?"

Sanandilonjeze kuti ndipulumuka. Anati ngati ndikuvomera mlandu, ndiyambe ndapita ku chipatala kukapempha thandizo losiyira mowa, kuti pokandipepesera kwa woweruza akakhale ndi chinthu chenicheni chonena. Ndinapita Lachitatu, ndipo pa mzere ndinakhala ngati wina aliyense.

Panopa amalume sakundiyankha foni. Uthenga wafika kudzera kwa achemwali anga woti ndavula mtundu wonse pamaso pa mwana wamng'ono. Ena pa boma pano akuti bambo ujeni wafooka, mwamuna saulula zotere.

Ndavula ndani? Mayi amene amandigulitsa mowa m'mawa uliwonse akudziwa. Akabaza a pa siteji akudziwa, n'chifukwa chake akaona galimoto yanga amapatukira kutchire. Mwanza yonse ikudziwa. Ndiye loya, munthu amene wayima mbali yanga pa mlanduwu, ameneyo ndiye timumange nsalu m'maso? Ulemu wake ndi umenewo?

Vuto lathu n'lakuti chidakwa timachisisita. Timati amalawako pang'ono, timati ndi munthu wokonda kucheza. Zikavuta timathamangira kukonza nkhani, munthuyo osamukonza. Ndipo wosenza bodzalo nthawi zonse amakhala mkazi, amene sanalaweko n'dontho lomwe.

Musandiyamikire ayi. Pali mayi amene mkono wake uli m'chikhakha chifukwa cha ine, ndipo kunena zoona sikulumikiza fupa. Mantha ndili nawo. Laisensi ikhoza kupita, kundende ndikhoza kukalowa.

Koma pa mndandanda wa mboni dzina la Nachisale palibe. Tsiku la mlandu adzakhala pa benchi ya kumbuyo ngati afuna kubwera, ndipo palibe amene adzamuuze kuti akweze dzanja. Amalume akwiye mpaka chaka chithe, ine sindibweza mawu.

Nanga inu achimwene amene mukuwerenga muli ndi kabotolo pansi pa mpando wa galimoto, kwanuko amene amakunamirirani ndani, ndipo munayamba mwamumvapo akuchita zimenezo?