Chithunzi cha a Doreen chinandichotsetsa ntchito ku Leeds

Ndinalakwa kulandira mphatso kwa munthu amene ndinkamusamalira, zimenezo sindikana. Koma inu owerenga, mpaka lero mtima umandiwira ndikakumbukira zimene anandichita.

Ndinabwera ku Leeds pa viza ya ntchito yosamalira okalamba. Kampani yathu inkatituma m'makomo mwa anthu, ndipo kwa zaka ziwiri m'mawa uliwonse ndinkakwera basi kupita kwa a Doreen, mayi wamasiye wokalamba ndithu. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala. Mwana wawo, Keith, ankakhala mumzinda womwewo, koma nthawi yonseyo ndinamuona kawiri kokha.

Pabalaza pawo panali chithunzi chojambula pamanja ndi penti wa mafuta: mtsikana wovala chikhoti chofiira akukoka hatchi yokana kuyenda m'chipale chofewa. Anandiuza kuti anachijambula ndi katswiri wina wa ku America zaka zoposa zana zapitazo, kuti chilowe m'buku la ana, ndipo anabwera nacho kuno ndi apongozi awo aamuna. Bukulo analinso nalo, lakuthaitha, chithunzi chomwecho chili patsamba lina. Ndinkachiyang'ana ndikamawapesa tsitsi, poti makani a mtsikanayo ankandikumbutsa mwana wanga amene ndinamusiya kwa achemwali ku Kasungu.

Tsiku lina a Doreen anandiuza kuti, "Chithunzichi tenga iwe, Keith adzangochiponya kudzala." Ndinakana kawiri. Kachitatu anagwetsa misozi. Lamulo ndinkalidziwa bwino, mphatso iliyonse umauza manijala ndipo imalembedwa. Koma ndinati chithunzi chakale chafumbi ngati ichi angachifunse ndani? Ndinachikulunga m'thawulo n'kukwera nacho basi.

Patapita miyezi a Doreen anayamba kuiwalaiwala, ndipo anawapititsa kunyumba yosungirako okalamba. Keith anaitana wogula zinthu zakale kuti adzaone katundu wa m'nyumba. Munthuyo ataona bukulo ndi chizindikiro cha fulemu pakhoma, anafunsa chimene chinali pamenepo. Atamva, anati chithunzi chotero ndi chamtengo wapatali. Basi, mwana amene sankadziwa n'komwe mankhwala amene mayi ake amamwa anathamangira kupolisi tsiku lomwelo kukanena kuti ndinachiba.

Apolisi anandipeza Lamlungu masana ndikuchokera kutchalitchi, aneba ali m'mawindo. Chithunzicho anachipeza poyera, pakhoma la pabalaza panga. Kodi wakuba amapachika chimene waba pamene mlendo aliyense achione? Atakawafunsa a Doreen, sanakumbukire ngakhale dzina langa. Iwowo sindiwakwiyira, ndi matenda. Amene amandipsetsa mtima ndi manijala wathu, mayi amene ankanditamanda pamaso pa anzanga, koma tsiku limenelo osandiyang'ana n'kumaso komwe anangoti, "Palibe chimene unalemba," n'kundilanda baji ya ntchito. Nayenso Keith anauza apolisi ine ndikumva kuti anthu ngati ife ndi mmene tilili. Anthu ngati ife, amene tinkapukuta mayi ake iye ali ku mpira!

Mlandu unatha chifukwa mneba wa a Doreen anachitira umboni kuti mayiwo anamuuza okha za mphatsoyo. Chithunzi ndinabweza. Koma ntchito inali itapita kale, ndipo viza yanga inkadalira kampaniyo. Ndinayenda Leeds yense kufuna ondilemba, aliyense akufunsa chimene ndinachokera kwakale. Ndinapeza malo ku Bolton nthawi yoti ndizipakira itatsala pang'ono. Palibe ndi mmodzi yemwe anapepesa. Kumpingo wathu, Amalawi anzanga ena ankafumbatira zikwama zawo ndikakhala nawo pafupi.

Inu amene mukugwira ntchito m'makomo mwa azungu, ndimvereni. Wokalamba akakupatsani kanthu, ngakhale kapu, kanani. Akaumirira, imbirani manijala pomwepo, zilembedwe, wachibale asayine. Misozi yawo isakufooketseni ngati ine. Amene akukukondaniyo mawa adzaiwala nkhope yanu, koma abale ake osabwera aja katundu yense adzamukumbukira.