Ndamubisira Tchaja Mlamu Wanga

Mlamu wanga Asiyatu akusewera gemu pafoni yanga, ija umasankha wekha zochita anthu ake. Gemuyi ndi yachiwiri, koma nkhani yake ndi ya zomwe zidachitika gemu yoyamba isanayambe. Yoyambayo ndidaimaliza ine, ndipo imayambira pamaliro a mtsikana yemwe Asiyatu akumuteteza panopa. Opanga gemuyi adailuka mwaluso, moti munthu sungaganize kuti manda adakumbidwa kale.

Mwana wa Asiyatu wagonekedwa m'chipatala, ndiye gemuyi ndi imene imamukhazika mtima pansi.

Dzana, tikudikira minibasi pa Ngala, adandifunsa, "Alamu, ndikasankha bwino, apulumuka eti?"

"Apulumuka," ndidayankha, maso ali kunsapato.

Tsopano mtsikana wa m'gemuyo wayamba kutsokomola, ndipo gemu yatsala pang'ono kutha. Ine, bambo wandevu zanga, ndakwirira tchaja ya foniyo m'thumba la mpunga. Ndamuuza kuti yasowa.