Vaneti ya Atate Itafupika

Ndine ndinadulitsa vaneti ya atate, ndipo sindikana. Ndinali Fomu 3, tikukhala ku Kabwata mu Lusaka, zaka zija chipani chili chimodzi, pamene pepala lokhala ndi chidindo linkaopedwa kuposa galu woluma.

Vanetiyo inali yakale, yobiriwira, kumbuyo kwake kotalika mafiti eyiti. Pakati pa sabata atate ankanyamulirapo matabwa, poti anali kalipentala, koma inkadziwika ndi maliro. Munthu wa mpingo wathu akamwalira, kaya ku Chelstone kaya ku Woodlands, bokosi linkalowa lonse, chitseko chakumbuyo n'kutsekeka bwinobwino. Akulu awo a atate, amene tinkawatchula atate aakulu, anali munthu wamtali kwambiri. Akabwera kudzacheza ankagona chagada kumbuyoko n'kunena kuti, "Mng'ono wanga, bedi langa ndi ili. Udzandiperekeze nalo kumudzi ku Katete." Atate analonjeza, ndipo lonjezolo ankalibwereza nthawi zonse.

Ntchito yanga inali kutsuka. Loweruka lililonse akabwerako kumanda ndinkakolopa dothi lofiira ndi maluwa ofota, anzanga ali ku mpira. Ndinatopa nazo.

Kusukulu kunali makina otaipira a ophunzira zamalonda. Ndinalembapo kalata ya Chingerezi cholemera, yoti vaneti iliyonse yotalika kumbuyo kupitirira mafiti sikisi iperekedwe kwa ba cheyamani a chipani m'dera lathu, izinyamula anthu opita kumisonkhano. Chidindo ndinasema pa kachidutswa komwe ndinadula kuchidendene cha patapata yanga. Ndinkaganiza kuti atate akaibisa kwa mnzawo wa ku Chongwe miyezi iwiri, ine n'kupumako.

Atate anawerenga kawiri. Anatuluka ndi tepi, anayeza, anabwerera m'nyumba. Kwa ba cheyamani sanapiteko, chifukwa masiku amenewo kukafunsa kunali kudziulula kuti uli ndi vaneti yaitali. Anangouza amayi kuti, "Bola itsale theka kusiyana n'kuti ipite yonse."

Lolemba anapita nayo kwa wowotcherera zitsulo wa ku Emmasdale, Mbemba wina wanthabwala. Ndinawapeza komweko nditaweruka.

"Ba kalamba, mwaganiza bwino?" anafunsa wowotchererayo. "Motoka si buluku iyi. Sitisiya nsalu yobwezela mukasintha maganizo."

"Dulani," anatero atate.

"Iwe ka Fomu Fili, gwila tepi apa. Ku sukulu amakuphunzitsani kuyeza, olo ni kuyangana chabe atsikana?"

Ndinagwira tepi. Iye analemba ndi choko mizere iwiri pa chasisi, kuseri kwa kabini. Mawu anali pakamwa panga penipeni, koma ndinaonanso kuti kalata yanga yagwira ntchito kuposa mayeso aliwonse omwe ndinalembapo, ndipo ndinawameza. Moto wa gasi unalowa m'chitsulo, mafiti awiri anagwa pansi. Sindinamve kanthu. Atate anatola chidutswacho n'kuchiika pambali mosamala, ngati chidzafunikanso.

Ntchito inatenga masiku anayi. Anakoka mawilo akumbuyo kuti asendere kutsogolo, analumikiza chasisi n'kumatapo zitsulo mbali zonse, anafupikitsa shafti ndi mapaipi a mabuleki, kenaka anadula mabodi. Vaneti inabwera kunyumba ngati nkhuku yozulidwa mchira.

Atate aakulu atabwera anagona kumbuyo monga mwa nthawi zonse. Mapazi anatuluka kunja. Anawayang'ana kwakanthawi n'kunena kuti, "Ndidzapinda mawondo." Ndinaseka ndekha. Atate analowa m'nyumba.

Mpingo unayamba kubwereka lole. Ine Loweruka ndinkakhala pagolo, ndipo ndinali goloboyi wabwino ndithu.

Atate aakulu anamwalira nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Bokosi anakhoma atate okha, mafiti seveni. M'mawa wa ulendo amuna analikweza, linafika kukabini, fiti imodzi ya bokosi n'kutsalira pa chitseko chogwetsa. Analitembenuza chopingasa, osatheka. Azimayi oimba analeka nyimbo pakati.

Ba cheyamani anali pamaliropo, ndipo ndi amene anafunsa.

"Nanga ba kalipentala, motoka yabwinobwino munaichita chani?"

Atate anatsegula Baibulo lawo, anatulutsa kalata ija n'kuwapatsa. Ba cheyamani anavala magalasi, anawerenga mpaka pansi.

"Chizungu chabwino ichi, koma si ine. Ku ofesi kwathu kulibe na makina otaipila." Anasendeza pepala kumaso. "Na chidindo ichi chili na mizele monga patapata."

M'nyumba mwathu wodziwa Chizungu chabwino anali mmodzi. Atate anayang'ana mapazi anga.

"Vula," anatero.

Ndinavula. Chibowo cha kuchidendene chinali chikadalipo, chozungulira bwino, poti ndinadula mwaluso. Atate anachiyika pa chidindo cha pakalata, chinakwana. Ndinkadikira lamba, ndipo amuna awiri anali atasendera kale kuti adzalanditse. Atate anangondibwezera patapata, anamanga bokosi ndi chingwe, nsonga yake n'kundipatsa m'manja.

"Chitseko sichitsekeka," anatero. "Chitseko ndiwe, mpaka ku Katete. Akulu anga akagwa, nawe udumphe."

Ndinakhala pakona, msana pa bodi, phazi limodzi litaponda m'mbali mwa bokosi, chingwe chitazungulira dzanja. Atate anayendetsa tsiku lonse osayang'ana pagalasi. Pokwera mapiri a ku Luangwa bokosi linkafuna kubwerera ku Lusaka, ine n'kumakoka. Mphepo inandiumitsa makutu, chingwe chinasenda zikhatho. Ndinawafotokozera atate aakulu za mipira yomwe ndinagwira chaka chimenecho, umodzi ndi umodzi, popeza analibe kothawira. Pa mlatho amayi ananditsitsira nthochi ziwiri pawindo atate asakuona, ndinasenda ndi mano.

Tinafika dzuwa likupendeka, atate aakulu ali pomwe tinawaika, mawondo osapinda. Zala zanga zinakana kutambasuka mpaka mawa lake, choncho pokumba manda anandisiya nditakhala pamthunzi. Ngati chimenecho chinali chilango, mtsinje wa Luangwa ndinauona koyamba, ndipo ndinauona bwino kuposa amene anali m'kabini. Cholakwa changa chinali patapata. Chidindo ndikanasema pa mbatata n'kuidya.