Uta wa Dzanja Lofooka

A Peterson Nakoma, alongo awo a mayi anga, akhala akulondera minda ya makadamia pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni kuyambira ndisanabadwe. Chida chawo ndi uta ndi mivi. Akuba ndi anyani omwe amachiopa.

Chaka chimene ndinamaliza maphunziro a ukachenjede, amalumewa anadwala sitiroko ndipo dzanja lawo lamanja linafooka. Atabwerera kuntchito, uta wawo wakale unawakanika kukoka. Kapitawo wawo, a Justice, anawauza mosabisa kuti mlonda wosatha kuponya muvi ayenera kupuma. Kupuma kunatanthauza kutuluka m'nyumba ya kampani, momwe munabadwira ana awo onse. Anagwirizana kuti adzawayesa mwezi ukatha.

Amalume sanadandaule. Anatsitsa kudenga la khitchini ndodo imene anadula kalekale m'mbali mwa mtsinje, yakuda bii ndi utsi. Inali yokhayo, pakuti mitengo ya mtundu umenewo inatha m'dera lathu. Anaisema ndi kasemasema, kenaka n'kuyamba kuipala ndi chibenthu cha botolo. Akapala pang'ono, ankaidzoza mafuta a nsatsi, kuiwamba pamakala, kumanga nsinga yachikopa, n'kukoka. Nsingayo ikalephera kufika patsaya, ankamasula n'kupalanso.

Vuto linali lakuti uta wonenepa dzanja lawo silikanautha, pomwe wopalidwa mopitirira ukanathyoka, kapena kugwetsa muvi pamapazi pawo pomwepo. Iwo ankafunafuna malire a ziwirizi, ndipo analibe ndodo ina yoyeserera.

Akazi awo, a Alesi, anali atayamba kale kulongedza mbale m'dengu. Tsiku lina anaima pakhomo n'kunena kuti, "Bambo a Tamanda, mupala mpaka utsale mswachi. Ndimangenso mphasa?"

"Mangani zanu, mayi. Katundu wanga ndi uyu," anayankha amalume osadzutsa mutu.

Tsiku loyesedwa linafika kuli nkhungu. A Justice anaimika thunthu la nthochi kutsidya kwa msewu wodutsa m'munda, ndipo othyola tiyi anaima, madengu ali kumsana. Amalume anakoka. Mkono unayamba kunjenjemera, utawo unapindika mpaka kulira ngati chitseko chakale, ndipo a Alesi anagwira pakamwa. Koma amalume sanaponye. Anadikira, nsinga ili patsaya, maso ali pathunthu. M'masabata onse opala aja anali ataphunzira kuti dzanja lawo limanjenjemera, n'kukhala bata kamphindi, n'kuyambiranso. Anaponya muvi m'kamphindi kameneko.

Unaboola thunthulo n'kutulukira kuseri.

A Justice anapempha utawo, naukoka ndi zala ziwiri zokha, n'kuutembenuza uku ndi uku. Anadabwa kuti chinthu chofewa chotere chingaponye motero. Powubweza anaugwira ndi manja awiri, nawauza amalume kuti asachedwe kuntchito madzulo.

Ine ndinaugwirako titafika kunyumba. Mbali ya kumtunda ndi yopyapyala kuposa ya kumunsi, ndipo pogwirira pali timaenje tolowa zala zawo zokha. Sungamuyenere munthu wina aliyense.

A Alesi anatulutsa mbale m'dengu muja, akudandaula kuti imodzi yathetheka pachabe.